Kamphete ka ceramic mu seal kasweka kachitatu, kodi kulimba kwakeko kuli pati?

Sipanala17
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru chifukwa mutu waima. Ndimakonza mapampu a madzi, ndipo pali pampu imodzi imene yandisowetsa mtendere. M'miyezi inayi yokha ndasintha katatu seal, chotchinga chija choletsa madzi kudontha pa shafiti. Ndikamasula ndimapeza kamphete koyera kaja ka ceramic kali ndi ming'alu yochokera mkati kupita m'mphepete, ndipo ulendo wina kanachita kugawikana pawiri. Mbali yakuda ya carbon imaoneka yopserera koma imakhala yathunthu. Chikundiwawa n'chakuti paliponse timamva zoti ceramic ndi yolimba kuposa chitsulo, sichita dzimbiri, sipereseka. Nanga chinthu cholimba chotere chikusweka bwanji ngati mbale yadothi? Kodi ndikugula zachinyengo, kapena ndine ndikulakwitsa pomanga? Bwanji osangopanga mphete imeneyi ndi chitsulo, tonse tipume?

Kafadala
Pampuyo siikumayenda yopanda madzi? Yambani mwafufuza zimenezo.

Sipanala17
Mwini wake akuti ayi. Koma thanki imene imakokamo madzi imaphwa nthawi zina, zimenezo ndinaziona ndekha.

Kafadala
Ndiye yankho mwalipeza kale, achimwene.

MayiWaLabu
A Kafadala anena zoona koma afupikitsa kwambiri, ndiloleni ndionjezere. Kamphete koyerako kawirikawiri ndi alumina. Amatenga ufa wa aluminium oxide, n'kuupsinja m'chikombole, n'kuuotcha pa madigiri opitirira 1500 mpaka timibulu take titagwirana. Moto pawokha suiopsa, chifukwa imasungunuka pa madigiri oposa 2000. Chimene chimaipha ndi kusintha kwa kutentha mwadzidzidzi.

Pampu ikamayenda bwino, pakati pa nkhope ziwirizo pamakhala timadzi topyapyala kwambiri timene timatereretsa ndi kuziziritsa. Madzi akaphwa, carbon ndi alumina zimakhulana zouma, pamwamba pa mphete pamatentha msangamsanga. Alumina siyendetsa kutentha mofulumira, choncho mbali zake sizitentha mofanana. Ndiye madzi ozizira akabwerera, khungu lapamwamba limafuna kukhwinyata pompopompo pomwe mkati mukukana. Khungulo limakokeka, ndipo ceramic ikakokeka m'pamene imagonjera. Ming'alu yochokera mkati kupita m'mphepete imene mwaionayo ndiye chizindikiro chake. N'chimodzimodzi kuthira madzi ozizira m'tambula yagalasi yotentha.

GogoWaLathe
Ndisanaweruze madzi, ndifunse kaye mamangidwe. Mwana wanga, kampheteko mumakalowetsa ndi chiyani? Ndaonapo anyamata ambiri akukagogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva kuti kakhale msanga m'malo mwake. Kakangotulutsa kamng'alu kosaoneka ndi maso, basi ntchito yatha, kakungodikira tsiku. Kamafunika kukankha ndi zala, pamwamba mutaika kansalu koyera, rabala yake mutainyowetsa ndi madzi a sopo. Mafuta ayi, chifukwa rabala zina monga EPDM zimafufuma zikakhudzana ndi mafuta. Ndipo kakakhala mopendama ngakhale pang'ono, mbali imodzi imasenza katundu yense.

Sipanala17
Gogo, kugogoda ndimagogoda, koma pang'onopang'ono ndi thabwa. Sindinkadziwa kuti ngakhale zimenezo n'zoopsa. Ndasiya kuyambira lero.

Nyundo_ndi_Chitsulo
Mwaonatu. Chinthu choti sungachigogode ngakhale ndi thabwa, chinthu choopa madzi ozizira, ndiye mukuti n'cholimba? Ine ndagwira chitsulo moyo wanga wonse. Chitsulo chikatopa chimapindika, chimakuchenjeza, umachiwongola kapena kuchiwotcherera n'kupitiriza ntchito. Ceramic imangoti phwa! osatsanzika. Funso la a Sipanala17 silinayankhidwe: bwanji osaikapo chitsulo?

MayiWaLabu
Chifukwa cha mchenga, bambo. Pa muyeso wa Mohs, umene umaonetsa chimene chingakande chinzake, quartz wa mumchenga ali pa 7, alumina ili pa 9, dayamondi pa 10. Chitsulo chosachita dzimbiri chimene chimakhala m'mapampu chili pansi pa mchenga, ndiye kamchenga kalikonse kakalowa pakati pa nkhope kamalima mizere. Nkhope za seal zimayenera kukhala zosalala mpaka kusiyana kwake kusafike maikilomita imodzi, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita. Mzere umodzi wokha, pampu yayamba kudontha. Komanso stainless ikamakhulana ndi inzake imakonda kumatirirana n'kunyotsolana. Alumina mchenga suikanda, ndiponso madzi a mchere kapena a mankhwala ambiri saidya.

Wophunzira_Chaka3
Ine ndikuona ngati tikukangana chifukwa cha liwu limodzi. Tikati "kulimba" tikuphatikiza zinthu zitatu zosiyana. Pali kuuma, kutanthauza kuti chinthu sichikandika kapena kupereseka. Pali mphamvu, kutanthauza katundu amene chingasenze chisanagonje. Ndiye pali kupirira mng'alu, kutanthauza kuti kamng'alu kakayamba, chinthucho chimakaletsa kapena chimakalola kuthamanga. Alumina pa kuuma imaposa chitsulo kutalitali. Pa mphamvu zimatengera mmene mwaisenzetsera: mukaipsinja imapirira MPa (muyeso wa katundu wopanikiza pa malo) zoposa 2000, koma mukaipinda imathyoka pa 300 kapena 400. Pa kupirira mng'alu ndiye ili pansi zedi, manambala ake ndi 3 mpaka 5 pomwe zitsulo zambiri zomangira zimadutsa 50. Ndiye a Nyundo akunena zoona pa chachitatu, mayi akunena zoona pa choyamba.

Tsekwe
Koma "kuuma" anthu angamve ngati kusowa madzi. Ine ndimati "kugwa", ngati mmene timanenera kuti chinthu chili gwa.

Kafadala
"Kugwa" ndiye angamve ngati kugwa pansi. Tisiye "kuuma" komweko, paja timati mutu wouma, nthaka youma.

Tsekwe
Chabwino, ndavomera. Nanga "kupirira mng'alu" palibe liwu limodzi? Chikopa timati n'cholimba, mwala timati ndi wolimba, koma aliyense akudziwa kuti kulimba kwake n'kosiyana.

Wophunzira_Chaka3
Chitsanzo chimenecho n'chabwino kuposa changa. Chikopa mungachikande ndi chikhadabo koma simungaching'ambe. Mwala simungaukande koma nyundo imodzi waswa.

Ng'anjoYamoto
Ndagwira ntchito pa ng'anjo zootchera ceramic zaka zambiri, ndiye nkhani iyi yandifika pamtima. Ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake kamng'alu kamapha ceramic koma chitsulo sikachipha.

M'chitsulo maatomu amatha kutsetsereka mzere ndi mzere popanda kulekana. Kunsonga kwa mng'alu kukadzaza katundu, chitsulo cha pamenepo chimapindika pang'ono, nsonga ija imabunthuka, katundu amamwazika. Mu ceramic maatomu amagwirana mwa njira yosalola kutsetsereka kotero. N'chifukwa chake ndi youma komanso yosaopa moto. Koma ndi chifukwa chomwechonso nsonga ya mng'alu imakhalabe yakuthwa, katundu yense amaunjikana pamenepo, ndipo ukangoyamba kuyenda palibe chouimitsa. Ubwino wake ndi vuto lake zimachokera pa muzu umodzi, simungasankhe chimodzi n'kusiya chinacho.

Amene anaunika bwino zimenezi ndi A. A. Griffith ku Farnborough ku England, m'zimene anatulutsa mu 1921. Iye anayesa galasi n'kupeza kuti akalikoka kukhala ulusi, ulusiwo ukamapyapyala mphamvu yake imakwera kwambiri. Galasi lake ndi lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti m'kaulusi kakang'ono mulibe malo okwanira chilema chachikulu. Ndiye mphamvu ya ceramic imalamulidwa ndi chilema chachikulu kwambiri chimene chili mkati mwake, kaya ndi kabowo ka mpweya, kachitsotso kolowa mu ufa, kapena kamzere kosiyidwa ponola. N'chifukwa chake timphete khumi tochokera m'ng'anjo imodzi sitisweka pa katundu wofanana, ndipo chidutswa chachikulu chimakhala chofookerapo kuposa chaching'ono. Opanga makina sagwiritsa ntchito nambala imodzi ngati mmene amachitira ndi chitsulo, amawerengera mwayi wosweka pogwiritsa ntchito masamu a Weibull.

Ndiye a Sipanala17, pa funso lanu la zachinyengo: n'zotheka kuti alumina yotsika imakhala ndi galasi lambiri pakati pa timibulu ndiponso timabowo tochuluka. Ya 99.5 peresenti ndi ya 85 peresenti zonse zimaoneka zoyera. Komabe ngakhale yabwino kwambiri singapulumuke ikamayenda youma kenako n'kuthiridwa madzi ozizira.

Sipanala17
Apa ndiye ndayamba kumva. Nanga palibe ceramic ina yopirirako?

Ng'anjoYamoto
Ilipo, silicon carbide, yakuda kapena yotuwa. Imayendetsa kutentha kuposa alumina kanayi kapena kupitirira, ndipo ikatentha imafutukuka pafupifupi theka la mmene alumina imafutukukira. Zinthu ziwirizi pamodzi zimachititsa kuti isamasweke msanga kutentha kukasintha. Ndi youmanso kuposa alumina. Si yachilendo ayi, Edward Acheson anaipanga mu 1891 ndipo kwa zaka zambiri ntchito yake inali ya miyala yonolera ndi sandipepa. Koma chenjerani posankha mnzake wokhulana naye. Silicon carbide mbali zonse ziwiri ndi yabwino pa madzi a mchenga wambiri, koma ikayenda youma imatentha moopsa chifukwa palibe chofewa pakati. Ngati vuto lanu ndi kuphwa kwa madzi, mbali imodzi ikhalebe carbon. Pampu ikakhala yonjenjemera kwambiri, ena amasankha tungsten carbide, imene timibulu take timagwiridwa ndi cobalt kapena nickel, ndiye imapirira kugundidwa.

GogoWaLathe
Tungsten carbide imeneyo ndi yomwe ili kunsonga kwa mipeni yathu ya pa lathe, makina osendera zitsulo. Inayamba kugulitsidwa ku Germany m'ma 1920 ndi dzina loti Widia. Ndimakumbukira mmene ndinadabwira tsiku loyamba kuona kansonga kakang'ono kakusenda chitsulo chofiira ndi moto osabunthuka. Koma ukakalowetsa mwankhanza pa chitsulo chokhala ndi mpata, kamabenthuka. Khalidwe lake ndi lomweli tikukambali.

Mlendo_Pano
Pepani ndilowerere ndi funso lapambali. Mpeni wanga woyera wa ceramic unakhala wakuthwa nthawi yaitali, koma tsiku lina ndinaupotoza pang'ono potsegula chivundikiro, nsonga inaduka. Ndi alumina yomweyo?

MayiWaLabu
Ayi, imeneyo ndi zirconia, ndipo nkhani yake ndi yokoma. Mu 1975 Garvie, Hannink ndi Pascoe ku Australia anaonetsa kuti zirconia ingathe kudziteteza ku mng'alu. Mukasakanizamo pang'ono ufa wina wotchedwa yttria kapena magnesia, timibulu take timakhala m'kaumbidwe kamene kamayenera kupezeka pa kutentha kwakukulu kokha, ngati tagwidwa tisanasinthe. Mng'alu ukafika, katundu wa kunsonga kwake amatimasula, timasintha kaumbidwe n'kufufuma ndi pafupifupi 4 peresenti. Kufufumako kumapanikiza mng'aluwo kuti utsekeke. N'chifukwa chake zirconia imapirira mng'alu kuposa alumina kawiri kapena kupitirirapo, moti amapangira mipeni ndi mano oikirira. Koma kawiri ka nambala yaing'ono ndi nambala yaing'onobe. Mpeni wachitsulo ukanapindika, wanuwo unaduka.

Chiphaliwali
Zirconia yomweyo inavutitsanso anthu m'zipatala. Cha m'ma 2001 timitu ta zirconia toikidwa m'chiuno m'malo mwa fupa tinasweka mwa odwala mazana angapo, ndipo magulu ena a timituto anaitanitsidwa kuti abwezedwe. Kusintha kumene mayi akufotokozaku kungathe kuyamba kokha pang'onopang'ono pamalo achinyezi, kuyambira pamwamba, makamaka ngati kuotcha sikunayende bwino. Chitetezo chija chimasanduka chilema. Lero timitu tambiri ta ceramic ndi tosakaniza alumina ndi zirconia. Amene anayamba kuika alumina yokha m'chiuno ndi Pierre Boutin ku France mu 1970.

Nyundo_ndi_Chitsulo
Zonse mukunenazi zikungonditsimikizira. Mbiri yake ndi ya kusweka basi. M'ma 1980 ankatiuza kuti kukubwera injini ya ceramic yosafuna radiyeta. Ili kuti?

Kafadala
Injini yathunthuyo inakanikadi. Koma tsegulani boneti muwerenge. Choyera cha pa pulagi ndi alumina. Sensa ya mpweya mu ekizozi ndi zirconia. Chisa cha mu catalytic converter, choyeretsa utsi chija, ndi ceramic yotchedwa cordierite, imene anaisankha chifukwa sifutukuka kwenikweni ikatentha. Sefa ya mwaye ya dizilo nthawi zambiri ndi silicon carbide kapena cordierite yomweyo. Ceramic inalowa m'galimoto mwakachetechete, pamalo pamene chitsulo sichingakhale.

ZaMlengalenga
Ndionjezere mabering'i. Mipira ya ceramic yotchedwa silicon nitride imalemera magalamu 3.2 pa cubic centimetre pomwe chitsulo ndi 7.8. Pa liwiro lalikulu mpira wopepuka sukankha kwambiri mphete yakunja, ndipo sudutsitsa magetsi, zimene zimateteza mabering'i a mamota ku timoto tamagetsi todya njira ya mipira. Mpira umapsinjidwa, sukokedwa, ndiye ceramic ili pakwawo.

Koma ndikufuna ndibwerere kwa Griffith, chifukwa a Ng'anjoYamoto atsegula chitseko n'kuchisiya. Ngati ulusi wopyapyala uli ndi mphamvu zedi, funso n'lakuti tiugwiritse ntchito bwanji, poti ulusi pawokha sungamangire phiko la ndege. Yankho ndi composite: mumatenga ulusi zikwizikwi n'kuumiza mu utomoni monga epoxy kapena polyester. Ulusi umasenza katundu, utomoni umaugwirizanitsa, umauteteza kuti usakandike, ndipo umasamutsa katundu kuchoka pa ulusi woduka kupita kwa anzake. Galasi limasweka, utomoni wouma nawonso umasweka, koma fibreglass mungaimenye ndi nyundo osaphwanyika ngati zenera. Mng'alu ukadula ulusi umodzi umakumana ndi malire, umakhotera m'mbali, mphamvu yake imathera pamenepo. Mtengo unapangidwa chimodzimodzi, ulusi wa cellulose mu lignin. Fupanso, konkire ya zitsulo mkatinso.

Ulusi wa carbon ndi wa maikilomita 5 mpaka 7, wopyapyala kuposa tsitsi pafupifupi kakhumi. Composite yake imalemera magalamu cha m'ma 1.6 pa cubic centimetre, aluminiyamu 2.7. N'chifukwa chake theka la kulemera kwa thupi la ndege ya Boeing 787 ndi composite, ndipo Airbus A350 ili pa 53 peresenti.

Njinga_Yothamanga
Apa ndiye mwandikhudza. Ndinali ndi njinga ya felemu ya carbon fibre. Inagwa itaimikidwa, chubu chapamwamba chinagunda pangodya ya sitepe. Kunja kunangooneka kachipsera pa penti. Patatha milungu itatu chinathetheka ndili pamsewu, mwamwayi ndinali pang'onopang'ono. Mpaka lero ndikaganiza kuti zikanachitika pamtsetse, thupi limachita tsembwe. Ndiye musatiuze kuti composite yathetsa vuto la mng'alu.

ZaMlengalenga
Pepani kwambiri, ndipo sindikutsutsani. Zimene zinakuchitikiranizo ndiye chilema chachikulu cha composite. Imapangidwa mosanjikiza, nsalu pamwamba pa nsalu. Motsatira ulusi ndi yamphamvu zedi, koma pakati pa nsalu ndi nsalu pamagwira utomoni wokha. Ikagundidwa, zosanjikizazo zimamatuka mkati pomwe kunja kukuoneka bwinobwino. Kenako katundu wopsinja akabwera, nsalu zomatukazo zimapindika payokhapayokha. Aluminiyamu ikanaonetsa chibonyo. Okonza ndege amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amagogoda ndi kandalama kapena kanyundo kakang'ono n'kumvetsera: pabwino pamalira mowala, pomatuka pamalira mogonthera. Pofuna kutsimikiza amayeza ndi ultrasound.

Makampani akuluakulu nawonso anapsapo. Rolls-Royce anapanga mapiko a fani ya injini ya ndege ya RB211 ndi carbon fibre yotchedwa Hyfil. Mu 1970 mapikowo analephera mayeso ogundidwa ndi mbalame, anabwerera ku titanium, ndipo mavuto a injini imeneyi anagwetsa kampaniyo mu 1971. Zinatenga mpaka 1995 kuti injini ina, GE90, iyambe kunyamula anthu ndi mapiko a composite, ndipo kutsogolo kwa phiko lililonse anaikako mlomo wa titanium.

Nyundo_ndi_Chitsulo
Titanium kutsogolo. Ndiye kuti pamapeto pake anabwerera kwa ife a zitsulo.

ZaMlengalenga
Anabwerera pamalo pogundidwa pokha, kwinako anasiya composite. Ine ndikuona kuti anachita bwino, chilichonse anachiika pamene chimatha ntchito. Ndipo pali pena pamene composite inapulumutsa moyo pomwe chitsulo chopepuka chikanalephera. Galimoto ya mpikisano ya McLaren MP4/1 ya 1981, imene anakonza John Barnard, inali ndi chipinda cha dalaivala cha carbon fibre. Ambiri ankati chidzaphwanyika ngati galasi. Chaka chomwecho John Watson anachita ngozi yoopsa ku Monza, galimoto inaduka, iye anatuluka akuyenda. Composite yokonzedwa bwino ikamaphwanyika imanyenyeka pang'onopang'ono, ndipo kunyenyekako kumameza mphamvu ya kugundako.

Chiphaliwali
Komabe nkhani ya Titan mu June 2023 isaiwalike. Chombo chija choyenda pansi pa nyanja chinali ndi thupi la carbon fibre ndi mitu ya titanium, ndipo chinaphwanyika chikupita kukaona Titanic, anthu asanu anafa. Ulusi umachita bwino ukamakokedwa, ngati m'botolo la gasi lopanikizidwa kuchokera mkati. Pansi pa nyanja madzi amapsinja kuchokera kunja, ndipo pamenepo kabowo kalikonse, kakhwinya kalikonse ka nsalu, kamakula ulendo ndi ulendo. Zimandiwawa chifukwa akatswiri anali atachenjezeratu.

Wophunzira_Chaka3
Ndiye tinganene kuti n'zotembenuzana: ceramic imakonda kupsinjidwa, ulusi umakonda kukokedwa?

MayiWaLabu
Mwachidule inde, ngakhale composite imapiriranso kupsinjidwa ikapangidwa mosamala. Chofunika n'kudziwa kumene katundu akuchokera musanayale ulusi. Chitsulo chili ndi mphamvu yofanana mbali zonse, ndiye chimakhululukira wokonza amene sanaganize mokwanira. Composite siikhululuka choncho.

Tsekwe
Funso langa ndi la zinyalala. Mapiko a makina ena opanga magetsi ndi mphepo akupitirira mamita 100 tsopano, ambiri ndi fibreglass ndi epoxy. Akatha ntchito amapita kuti? Chitsulo timasungunula.

Ng'anjoYamoto
Pamenepo mwawapatsa a Nyundo mfundo yamphamvu kuposa zonse zimene anena. Epoxy ikauma siisungunukanso, mukaitenthetsa imangopsa. Mapiko ambiri akhala akukwiriridwa, ena amawadula n'kuwagaya kuti akalowe m'ng'anjo za simenti, utomoni ukhale nkhuni, galasi likhale mbali ya simentiyo. Ulusi wa carbon amatha kuupulumutsa pootcha utomoni popanda mpweya, koma umatuluka waufupi. Nkhaniyi sinathe ndipo siyenera kubisidwa.

GogoWaLathe
Poti mwatchula za kuduladula mapiko, ndichenjeze achinyamata. Fumbi la carbon fibre limadutsitsa magetsi, likalowa mu giraindala kapena mu kompyuta limaotcha. Valani chotchinga mphuno, dulani monyowetsa ngati n'kotheka. Chinanso, musamange carbon fibre mokhudzana ndi aluminiyamu pamalo achinyezi. Aluminiyamuyo imadyeka ngati mu batire. Pakati pamafunika nsalu ya galasi kapena penti yotchinga.

Mlendo_Pano
Ndiye funso lomwe likundibwerera ndi ili. Ngati ulusi umaletsa mng'alu mu utomoni, bwanji osaika ulusi mu ceramic momwemo?

ZaMlengalenga
Mwafika pamene akatswiri anafika. Zilipo, ndipo zikuuluka. Injini ya ndege ya LEAP, imene inayamba kunyamula anthu mu 2016, ili ndi zigawo zozungulira turbine zopangidwa ndi ulusi wa silicon carbide womizidwa mu silicon carbide. Zimapirira madigiri pafupifupi 1300 ndipo zimalemera gawo limodzi mwa magawo atatu a zitsulo za nickel zimene zinalipo kale.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi ichi. Munthu angaganize kuti ulusi uyenera kumatirira zolimba ku ceramic yozungulira. Ayi ndithu. Mukamatiriza zolimba, zonse zimasanduka chinthu chimodzi, mng'alu umadutsa ulusi ngati palibepo kanthu. Ndiye amakuta ulusi uliwonse ndi kachikopa kopyapyala ka boron nitride kapena carbon kuti kugwirana kukhale kofooka mwadala. Mng'alu ukafika pa ulusi umakhota n'kuyenda m'mbali mwake, ulusiwo umatsala wathunthu utalumikiza mbali ziwiri za mng'aluwo, ndipo kuti chinthucho chilekane pamafunika kusolola ulusi umodziumodzi. Zinthu ziwiri zosweka msanga zimabala chinthu chimene chimang'aluka koma osagawikana. Mabuleki a carbon-ceramic a magalimoto othamanga ndi a banja lomweli.

Nyundo_ndi_Chitsulo
Izi zokha ndavula chipewa. Kufooketsa dala kuti chilimbe, sindikanaganiza. Koma nanga Columbia, chombo cha m'mlengalenga chija? Sinali ya zomwezi?

ZaMlengalenga
Kutsogolo kwa mapiko a Columbia kunali carbon-carbon, ulusi wa carbon mu carbon, wokutidwa ndi silicon carbide kuti usapse. Unkapirira madigiri opitirira 1500 pobwerera kuchokera m'mlengalenga. Ponyamuka mu January 2003 chidutswa cha thovu louma la pa thanki chinagunda phiko lamanzere n'kuboola. Pa 1 February mpweya wotentha unalowa pabowopo, chombo chinasweka, anthu asanu ndi awiri anafa. Chinthucho anachikonzera moto ndipo moto chinkaupirira. Kugundidwa pa liwiro lotero sanachikonzere.

Kafadala
Tafika kumwamba, koma pampu ya a Sipanala17 ikudonthabe. Tibwerere.

Sipanala17
Ayi, musadandaule, ndawerenga zonse ndipo ndapindula. Dzulo ndinapitanso. Ndinatenga kamphete kosweka kaja n'kukayang'ana ndi galasi lokulitsa. Ming'alu yambiri ndi yopyapyala, yoyambira pa njira imene carbon imadutsa, monga anenera mayi. Koma kamene kanagawikana pawiri kali ndi pobenthuka kumbuyo, m'mphepete, pomwe mng'alu waukulu unayambira. Kameneko ndikukhulupirira kuti ndi thabwa langa lija. Ndalankhula ndi mwini wake, wavomera kuti tiike swichi yoyandama m'thanki kuti pampu izizima madzi akatsika. Seal ndaitanitsa ya silicon carbide ndi carbon. Funso lotsala: nkhope zake ndipake kanthu pomanga?

Ng'anjoYamoto
Musapake girizi. Pukutani nkhope zonse ziwiri ndi kansalu kosasiya ubweya konyowetsa ndi spirit, ndipo mukatero musazikhudzenso ndi zala. Silicon carbide imabenthuka m'mphepete msanga, ndiye poilowetsa pa shafiti samalani pa makwerero ndi pa mpata wa kiyi, mukulungepo tepi yopyapyala.

GogoWaLathe
Ndipo musanayatse, dzazani pampu ndi madzi, mutsegule kabawuti kotulutsira mpweya mpaka madzi atuluke osalavula thovu. Pampu yoimirira imasunga mpweya pamwamba, pomwe pali seal pomwepo, moti imatha kuyenda youma pansi pali madzi odzaza. Zungulitsani shafiti ndi dzanja kawiri katatu mumve ngati ikuyenda mofewa. Ikadontha timadontho tochepa m'mphindi zoyamba musathamangire kumasula, nkhopezo zimakhala zikukhazikika. Mutiuze mmene iyendere ikatha mwezi.